Namkungwi wa Pagalasi: Mfundo Khumi Zofunika pa Chikondi cha m'Mafilimu

Mpaka chaka cha 1999, dziko la Malawi linalibe wailesi ya kanema yakeyake. Amene anakula nthawi imeneyo isanakwane anamva za chikondi ndi banja kwa anamkungwi, kwa atsibweni ndi azakhali, kutchalitchi kapena kumzikiti, m'masewero a pa MBC monga Kapalepale ndi Pamajiga, komanso m'timabuku ta Pacesetters ndi Mills & Boon timene tinkayenda dzanja ndi dzanja m'mahositelo mpaka chikuto kuthothoka. Lero mtsikana wa Fomu 2 ku Mchinji amatha kuonera ukwati wa ku Mumbai, chibwenzi cha ku Lagos ndi chisudzulo cha ku Johannesburg dzuwa lisanalowe, zonsezo pafoni ya m'manja.

Kanema ndiye wasanduka namkungwi wamkulu wa mbadwo uno. Koma namkungwi wakumudzi ankadziwa dzina la mwana amene akumulanga, ankadziwa makolo ake, ndipo banja likayamba kugwedezeka ankaitanidwa kuti adzayankhepo. Watsopanoyu amalanga n'kuzimiririka, mlandu ukabuka simungamupeze pabwalo. N'chifukwa chake malangizo ake ayenera kuunikidwa asanakhazikike mumtima. Nazi mfundo khumi zoti tizilingalire.

1. Nkhaniyo anaikonza kuti musachoke pampando

Masewero osatha amene timawatsatira madzulo aliwonse anayambira pa wailesi ku America m'zaka za m'ma 1930. Ankawalipirira ndi makampani opanga sopo monga Procter & Gamble, pofuna kuti amayi azikhala pafupi ndi wailesi tsiku ndi tsiku n'kumamva malonda awo. Lamulo la ntchitoyi silinasinthe mpaka lero: gawo lililonse lithe mtima wa woonera uli m'mwamba, kuti mawa abwerenso. Taganizani za Twist of Fate, sewero la ku India lomwe linagwira mitima ya ambiri pa Zee World. Abhi ndi Pragya anakondana, kulekana, kubwererana, kuiwalana, kupezananso, ndipo sewerolo linapitirira magawo 2,000. Wolemba sakanawalola kukhala mwamtendere nthawi yaitali, poti banja longodya nsima mwabata n'kukagona silikopa otsatsa malonda.

Choncho mukaona kuti m'nyumba mwanu mulibe misozi, kukuwa ndi kumenyetsa zitseko, musathamangire kunena kuti chikondi chazilala. Bata limenelo ndi chuma chimene anthu a pakanema saloledwa kukhala nacho.

2. Kugunda kwa mtima si umboni wokwanira

Mayina a Romeo ndi Juliet, a m'sewero la William Shakespeare, amatchulidwa ngati chitsanzo cha chikondi chenicheni. Koma taliwerengani bwino sewerolo. Juliet anali asanakwanitse zaka 14. Romeo, tsiku limene anamuona, anali atadzuka akulirira mtsikana wina, Rosaline. Anaonana usiku, mawa lake n'kukwatirana mobisa, ndipo sabata isanathe onse awiri anali atafa, pamodzi ndi anthu ena anayi. Umenewo ndiwo mlandu umene ambiri amauyesa mdalitso.

Mafilimu anatengera pomwepo: maso akumana, nyimbo iyamba, mphepo iulutsa tsitsi, basi zatheka. Kukopeka ndi munthu n'kwachibadwa, ndipo n'kokoma ndithu. Koma sikungakuuzeni momwe munthuyo amayankhulira akakwiya, momwe amasungira ndalama ya mnzake, momwe amachitira ndi mayi ake, kapena zimene amamuuza kondakitala wa minibasi akamubwezera chenji choperewera. Zimenezi zimaoneka pakapita miyezi, nthawi zina zaka. Akuluakulu ankatuma munthu kukafufuza kwawo kwa wofunsira mbeta chifukwa ankadziwa kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

3. "Ayi" ndi yankho lokwanira

Pali nkhani imodzi imene imabwerezedwa ku Mumbai, ku Lagos ndi ku Hollywood komwe. Mnyamata afunsira, mtsikana akana. Mnyamata amulondola kusukulu, kuntchito, kumsika, amugwira pamkono mwamphamvu, amupanikizira kukhoma. Pamapeto pake mtsikana agonja, n'kuthokozanso kuti mnyamatayo sanatope naye. Filimu ya ku Poland ya 365 Days, yomwe inatuluka mu 2020 n'kufalikira kudzera pa Netflix, inafika nazo patali: mkulu wa gulu la zigawenga aba mkazi, amutsekera m'nyumba, n'kumupatsa chaka chimodzi kuti amukonde. Filimu imeneyi inagulitsidwa ngati nkhani ya chikondi.

Mnyamata woleredwa ndi nkhani zotere amakula akukhulupirira kuti mkazi akakana ndiye kuti akungonyada, mawa alola. Mtsikana naye amayamba kuganiza kuti amene akumusowetsa mtendere ndiye wamukondetsetsa. Tizitchula zinthu ndi mayina ake. Kulondalonda munthu amene wakukana ndi kumuopseza. Kumugwira thupi iye asakufuna ndi nkhanza, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe lotere. Kugona naye mokakamiza ndi kugwiririra, ngakhale mutamugulira chakudya, ngakhale anali atavomera dzulo. Ulemu wa mwamuna umaoneka pamene wamva "ayi" n'kubwerera mwamtendere, osanyoza, osamuipitsira mbiri mnzakeyo.

4. Nsanje si muyeso wa chikondi

Mwaiona kangati? Mwamuna apeza mkazi wake akuseka ndi munthu wina, amukokera m'galimoto, kunyumba amuwomba mbama. M'mawa mwake abwera ndi maluwa ndi misozi, nyimbo yachisoni ikulira, ndipo ife oonera timvera chisoni womenyayo. Bodza limeneli si lachilendo kwathu kuno. Mawu akuti "kumenya ndi mankhwala a banja" analipo kanema asanabwere. Kanema anangowonjezera nyimbo ndi zovala zokongola.

Nkhanza siziyamba ndi chibakera. Zimayamba ndi kulanda foni kuti aone mauthenga, kufunsa kakhumi patsiku kuti muli kuti, kudana ndi anzanu mmodzimmodzi, kukuletsani kupita kwa abale, kukuuzani kuti musiye geni chifukwa kumsika kuli amuna. Pakanema munthu wotere amasinthidwa ndi misozi ya mkazi wopirira, gawo lomaliza lisanafike. M'nyumba zenizeni nkhanza zikasekereredwa zimakula, ndipo ena gawo lawo lomaliza limakathera kuchipatala kapena kumanda.

Pamene alangizi amati banja ndi kupirira, tizifunsa kuti kupirira chiyani. Kupirira umphawi limodzi, matenda, chaka cha njala, kuchedwa kwa mphatso ya mwana, kumeneko ndiye kumanga banja. Kupirira zibakera kumamanga mantha okha, ndipo ana oonerera amakatengera kunyumba zawo. Kuyambira 2006 dziko lino lili ndi lamulo la Prevention of Domestic Violence Act, kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, ndipo ana ali ndi nambala yaulere ya 116. Abambo amene amazunzidwa ndi akazi awo, n'kumabisa poopa kusekedwa, nawonso khomo limeneli ndi lawo.

5. Chikondi sichibwera pa galimoto yakuda magalasi

M'mafilimu ambiri a ku Nigeria ndi m'matelenovela, mtsikana wosauka wogulitsa malalanje amapulumutsidwa ndi mwana wa mfumu kapena mwini kampani. Kawirikawiri satuluka mu umphawi ndi manja ake, amatuluka chifukwa wina wamuona. Nkhani yotere ikalowa m'mutu mwa mtsikana amene makolo ake akulephera fizi, imamukonzekeretsa kukwera galimoto yoyamba imene yamuimira pamsewu. Mwini galimotoyo kale tinkamutcha chidyamakanda, masiku ano akumupatsa dzina lofewa loti blesa, ndipo mtsikanayo amanyadira kutchedwa MG2 ngati ndi udindo wa m'boma.

Shemu Joyah, mu filimu yake yoyamba ya Seasons of a Life, anaonetsa mbali imene enawo amabisa. Mtsikana wantchito wa m'nyumba apatsidwa mimba ndi bwana wake, mwana atsala m'manja mwa bwanayo, ndipo chimene chidzamupatsa mtsikanayo mphamvu zobwerera kudzamenyera mwana wake ndi sukulu. Pamene wina ali ndi ndalama zonse ndipo mnzake alibe ngakhale ya sopo, wosaukayo amasowa pakamwa pokanira. Mphatso iliyonse imasanduka ngongole.

Anyamata nawo nkhanizi zikuwapweteka. Mnyamata wa kabaza kapena mphunzitsi wongoyamba kumene ntchito amadziona ngati si mwamuna wokwanira poti sangagule foni yodula pa tsiku la Valentine. Ena alowa katapila, ena aba kuntchito, pofuna kufanana ndi munthu amene galimoto yake anangomubwereka tsiku lojambula.

6. Kamera imadula zotsatira zake

Pakanema anthu awiri amapsompsonana, chitseko chitsekeka, kenako kwacha. Palibe wofunsa mnzake ngati anayezetsa magazi. Palibe wotulutsa kondomu. Mimba imabwera pokhapokha wolemba akafuna kusokoneza nkhani, ndipo matenda opatsirana pogonana kulibiretu. Koma ife tikukhala m'dziko limene munthu woyamba kupezeka ndi Edzi anadziwika mu 1985, ndipo ma ARV aulere anayamba kufalikira mu 2004, titaika kale m'manda aphunzitsi, anamwino, asilikali ndi makolo a ana osawerengeka. Palibe mudzi umene sunalire maliro amenewa. Mwana wobadwa pambuyo pake sanaone zimenezo ndi maso ake, ndipo kanema samuuza.

Nkhani yokoma ikhoza kunena zoona. Tikuferanji, sewero lomwe linatchukitsa Michael Usi ndi dzina la Manganya, linaseketsa anthu kwa zaka zambiri likukamba za Edzi mosabisa. Shuga, lomwe linayambira ku Kenya mu 2009 ndipo munali Lupita Nyong'o, linaonetsa achinyamata a m'tauni okongola ngati a m'mafilimu ena onse, koma akukayezetsa, akuopa, akukumana ndi zotsatira za zochita zawo.

Apa tionjezepo za zolaula, zomwe zikuyenda m'mafoni kuposa momwe makolo ambiri amaganizira. Amene amaoneka m'menemo ali pantchito, akuchita zimene wojambula wawauza, ndipo zina amazichita mokakamizidwa. Mnyamata wophunzira za kuchipinda kuchokera kumeneko amafika m'banja akudziwa kutenga, osadziwa kufunsa kapena kumvetsera. Ndipo chithunzi chamaliseche chimene mwatumizira wokondedwa lero chimakhalabe m'foni mwake chikondi chitatha. Kuchifalitsa ndi kulakwira mnzako koopsa, ndipo wolandira n'kutumiza kwa ena walowa nawo m'cholakwacho.

7. Nkhope ya pagalasi ndi ntchito ya anthu ambiri

Mkazi amene amadzuka m'mawa pakanema nkhope ili see, tsitsi lili m'malo, wakhala maola pampando wa wodzoza, magetsi amuunikira mbali yabwino, ndipo kompyuta yafufuta zotsala. Onaninso kuti m'masewero ambiri a ku India wokondedwa amakhala woyera khungu. Mtsikana wa ku Nsanje kapena ku Karonga akaona zimenezi tsiku ndi tsiku amayamba kudana ndi galasi la m'nyumba mwake, n'kukagula mafuta oyeretsa khungu pamsika. Ambiri mwa mafuta amenewa ali ndi mankhwala amene amapyapyalitsa khungu, kusiya zipsera, ndipo ena amawononga impso. Mwamuna naye asayerekeze mkazi wake, amene wabereka ana atatu ndipo wachokera kumunda, ndi chithunzi chimene ngakhale mwini wakeyo safanana nacho akasamba.

8. Abale si adani a banja

Mu filimu ya ku Nigeria, apongozi akangotsika basi ndi chikwama chawo, mumadziwiratu kuti mtendere watha. Mu sewero la ku India, apongozi ndi alamu amakhala akunong'onezana kuseri kwa chitseko. Mnzako wapamtima ndiye amene adzakulande mwamuna, ndipo mwamuna akayamba kumvera mkazi wake ndiye kuti wadyetsedwa kondaine. Mtsikana woonera zimenezi zaka khumi amalowa m'banja atamanga kale nkhonya. Apongozi ake akangoti ndiwo zachepa mchere, iye waona kale filimu yonse.

Apongozi ovuta alipo, sitikana. Koma taonani chimene mafilimuwa alibe: ankhoswe. Pa chinkhoswe chathu, akuchimuna ndi akuchikazi amakhala moyang'anizana, amasinthana tambala ndi msoti, komanso zipangizo monga lichero, mthiko, chipande, khasu ndi nkhwangwa. Tsiku limenelo anthu awiri amasankhidwa, wina mbali iyi wina mbali iyo, amene ntchito yawo ndi kudzuka ngakhale pakati pa usiku banja likavuta. Amamva mbali zonse, amadzudzula m'bale wawo yemwe akalakwa, ndipo zikakanika amadziwa njira yolekanitsira anthu popanda kukhetsa magazi. Pakanema okondana amakhala awiriwiri kulimbana ndi dziko lonse, chifukwa zimenezo ndiye zimakoma kuonera. Mabanja ambiri a m'tauni atengera zomwezo: ankhoswe amawafuna pa tsiku la ukwati kuti asainire, kenako mavuto amakawatula pa Facebook kwa anthu osawadziwa, amene amangofuna gawo lotsatira. Mutu umodzi susenza denga, koma posankha wokuthandizani kusenza, sankhani amene adzakhalepobe mawa.

9. Filimu imathera pamene banja likuyambira

Mabuku a Mills & Boon, kampani yomwe inayamba ku London mu 1908, amadziwika ndi mathero amodzi: awiriwo agwirizana, buku latha. Mafilimu ambiri achikondi amatseka ndi diresi yoyera. Palibe amene amatisonyeza chaka chachisanu ndi chiwiri, lendi itakwera, mwana akutentha thupi usiku, mkazi ali pa mzere wa chimanga ku ADMARC, mwamuna ntchito itatha. N'zosadabwitsa kuti takhala anthu okonzekera tsiku limodzi mwakhama kuposa zaka makumi anayi zotsatira. Chinkhoswe cha m'holo, bridal shower, send-off, zithunzi za kunyanja, magalimoto khumi, zonsezo poyembekezera kuti perekaniperekani abweza. Akapanda kubweza, mwezi woyamba wa banja umathera pa kukangana za ngongole ya kubanki m'khonde.

Chikondi chenicheni chimakhala m'zigawo zimene wojambula amataya: kudikira mnzako pabenchi la chipatala, kumusungira ndiwo akachedwa, kunena kuti "pepani, ndinalakwa" popanda nyimbo yokuthandizani, kugwirizana kuti ndalama ya fodya kapena ya malipiro ipite kuti. Amene akufuna kuona chikondi chotere ayang'ane agogo amene akhala limodzi zaka makumi asanu, ndipo awafunse mafunso akadali moyo.

10. Kuletsa kokha sikulera mwana

Dziko lino linayesapo njira yotseka. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968 linaletsa mabuku, nyimbo ndi mafilimu ambiri m'nthawi ya Kamuzu Banda. Mu 2003 aphungu a Nyumba ya Malamulo analamula kuti wailesi ya kanema ya TVM isiye kuonetsa pulogalamu ya Big Brother Africa ponena kuti ikuwononga chikhalidwe, koma khoti lalikulu linachotsa chiletsocho pasanapite nthawi. Ngati zinavuta nthawi imene wailesi ya kanema inali imodzi, nanga lero?

Pitani pamsika wa m'tauni Loweruka masana. Kuseri kwa a chiwaya kuli kanyumba ka malata akale, pakhomo pali nsalu yakuda, panja pali bolodi lolembedwa ndi choko mayina a mafilimu, ndi sipika imene ikusokosera msika wonse. M'kati ana a pulayimale apanikizana pabenchi ndi akuluakulu, womasulira akuthira nthabwala zake za Chichewa pamwamba pa mawu a osewera. Chapafupi pali mnyamata wa kompyuta amene amathira mafilimu m'mamemori khadi, osafunsa zaka za wogula. Mwana amene mwamuzimitsira TV kunyumba amadziwa njira ya kumeneko.

Malire ndi ofunika, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi zitatu sayenera kuonera za akuluakulu. Koma chida chachikulu cha kholo ndi pakamwa. Khalani naye pansi muonere limodzi, kenako mufunse: "Iwe ukuona bwanji, mnyamata uja anachita bwino kumukoka mnzake chonchija? Ukanakhala iwe ukanatani?" Pamene mwambo sulola bambo kukamba zina ndi mwana wake wamkazi, azakhali, agogo ndi alangizi akumpingo alowepo, koma adziwe zimene anawo akuonera, asamalange za dziko limene linapita. Mwana wozolowera kufunsa kuti nkhaniyi analemba ndani, akufuna ndimve chiyani, ndipo wabisa chiyani, akhoza kuonera chilichonse osatengeka.

Kwa olemba athu, a m'manyuzipepala, a pa wailesi, opanga mafilimu ndi amene mumalemba nkhani za m'magawo pa intaneti, udindowu ndi wanunso. Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba analemba za chikondi ndi banja m'Chichewa anthu n'kuwerenga mpaka usiku, ndipo filimu ya The Road to Sunrise ya mu 2017 inaonetsa amayi oyendayenda a mu Blantyre ngati anthu okhala ndi mitima ndi mbiri zawo. Sitikusowa nkhani. Tilembereni mwamuna amene wakanidwa n'kukhalabe munthu, apongozi amene anapulumutsa banja, mkazi amene anachoka pa nkhanza n'kuyambanso moyo, ndi awiri amene anakalamba limodzi osatopetsa owerenga. Ana athu apitirizabe kuphunzira chikondi kuchokera m'nkhani, monga momwe ife tinachitira. Funso lotsala ndi lakuti nkhanizo awauza ndani.